Tirikolo, boti la mitundu itatu

Gulu: Ana a Avelino
Lusia, Bashiru, Shakila, Oscar Meponda

LOWERUKA

16:04 Lusia: ndiye mzungu wina kuntchito kuno kungoona chithunzi pa foni yanga akuti eeh tricolore!
16:04 Lusia: ine kudabwa, mwalidziwa bwanji dzina la boti la ababa anga 😂
16:06 Bashiru: kkkk tirikolo watchuka mpaka ku lodge ku nkopola
16:07 Lusia: ndi wa ku italy. akuti kwao chilichonse cha mitundu itatu ndi tricolore. mbendera, mphaka, olo salad
16:07 Lusia: mkazi wake ndi wa ku france, akuti kwaonso chimodzimodzi. english akuti tricolour. onsewo anakatenga ku latin
16:11 Oscar: prima, msuweni wanga, zaka zonsezi umayesa malume analipeka okha dzinalo? kuno ku mozambique timati tricolor. malume anakulira kwa a padre asanathawe nkhondo, latin ankaidziwa
16:12 Lusia: iwe oscar usandichititse manyazi pamaso pa mng'ono wanga ndi mkazi wake
16:12 Oscar: msuweni ntchito yake ndi imeneyo
16:15 Shakila: 🎤 0:09 Alamu, zolembazi zikundithamangira. Mukudziwa ine kuwerenga ndi kwa pang'onopang'ono. Muzinditumizirako mawu, nanenso ndiseke nawo.
16:19 Lusia: 🎤 1:14 Pepani alamu anga. Tikunena za boti la amuna anu. Inu munabwera mochedwa, nkhani yake simukuidziwa. Ababa atafika ku Makanjira kuthawa nkhondo, anakhoma boti ndi matabwa opempha, koma penti analibe. Ndiye anazungulira mudzi wonse kupempha zotsalira m'zitini. Wina anawapatsa wofiira wotsala pa chitseko cha golosale, wina woyera wa ku mzikiti, wina wachikasu, kaya unali wa chiyani. Palibe unakwana boti lonse. Basi anangopaka mizeremizere. Anthu kuseka, ati boti la mlendo lavala chitenje. Amayi ankangoti asekeni, ine mwamuna wanga ndimamuona akadali pakati pa nyanja, inu anuwo mpaka afike pa dooko. Kuyambira pamenepo sanasinthenso mpaka kumwalira kwao. Ndiye iwe Bashi, tsiku limene udzasinthe mitundu imeneyo, ine ndi iwe chibale chatha, wamva?
16:21 Bashiru: 😶
16:21 Bashiru: achemwali ku sadaka ya ababa mukubwera liti
16:22 Lusia: 2 weeks. bwana wandilola kale
16:22 Bashiru: bho. ndakusungirani surprise
16:23 Lusia: chani
16:23 Bashiru: ikanakhala yonena sikanakhala surprise
16:24 Lusia: alamu ndiuzeni inuyo
16:26 Shakila: 🎤 0:06 Iii ine ayi. Pakamwa panga andiika loko, kiyi ali naye eni ake.
16:27 Bashiru: mkazi ameneyu ndinasankha bwino kkkk

LOLEMBA

13:40 Shakila: 🎤 0:38 Alamu, bambo a Dinala sanabwerebe. Ananyamuka m'bandakucha kukaonjola matchera, ali okha, poti a Abudu anzawo aja agona ndi malungo. Mwera wayamba dzuwa litakwera pang'ono, ndipo si mwera wamasewera. Anzawo onse afika, ena maboti atadzaza madzi. Tirikolo yekha ndi amene sakuoneka. Foni yawo sikulowa.
13:52 Lusia: 📞 foni yosayankhidwa
13:53 Lusia: bashi
13:53 Lusia: bashi ukaona izi ndiflashe chabe
14:10 Oscar: kunonso nyanja yakwiya. mwina wakhota pena pake akudikira ugwe
14:11 Lusia: inshallah
17:35 Lusia: 🎤 0:11 Alamu, pali chilichonse? Dinala wadya? Musachoke pa malo a network chonde.
18:20 Shakila: 🎤 0:21 Palibe alamu. Network kuno mpaka ndikwere pa chulu kuseri kwa sukulu, ndiye ndikakwera pa chulu, ku dooko ndiye kulibe munthu wanga woyang'ana. Amuna a m'mudzi muno akuti akayamba kufuna mawa kukacha. Maboti asowa, si lathu lokha, akuti ku madooko ena kwasowanso atatu.
18:24 Lusia: bashi plz

LACHIWIRI

06:15 Lusia: oscar mwera umakankhira kwanu. akatuluka atulukira mbali yanu
06:31 Oscar: sim, ndaganiza zomwezo. nditumizire foto ndimwaze m'magulu a asodzi kuno
06:40 Lusia: 📷 chithunzi
06:41 Lusia: MISSING since monday, bashiru avelino of makanjira. tricolour wooden boat, red white yellow. you cannot miss it
06:41 Lusia: uike mchipwitikizi
06:48 Oscar: DESAPARECIDO. barco tricolor, vermelho branco amarelo
06:49 Oscar: tá bom. boti limeneli ngakhale wamaso ofooka alidziwa
07:02 Lusia: 🎤 0:14 Alamu, ndamwaza chithunzi cha Tirikolo konsekonse, ku Mozambique, ku Salima, ku Nkhotakota. Ine ndikupita ku Monkey Bay kukanena. Limbani mtima.
09:55 Shakila: 🎤 0:17 Zikomo alamu, Allah akudalitseni. Chithunzicho kuno sichikutseguka, chikungozungulira, koma bola anthu achione. Ine ndikutsata gombe ndi achimwene anga, tilowera kumpoto wapansi. Kumeneko network kulibe.
12:30 Lusia: ndanena ku monkey bay, alemba zonse. chithunzi ndawasiyira
12:31 Lusia: ndikhala konkuno, kuno network ndi ya bho. ndikapita kumudzi ndikhala ngati ndili m'dzenje
15:12 Oscar: ndapeza boti la injini la a simioni, neba wanga. mafuta ndi a ulendo umodzi basi, mawa tinyamuka ukagwa mwera
15:13 Lusia: zkm msuweni
19:48 Lusia: bashi ndakhala pa jeti tsiku lonse. boti lililonse likamabwera ndikumawerenga mitundu
19:49 Lusia: uli ndi jekete lija?

LACHITATU

07:20 Oscar: prima nkhani ziwiri
07:21 Oscar: 🎤 0:52 Yoyamba yabwera ndi munthu wa njinga. Akuti ku Lipende, kamudzi kakummwera kwa kuno, dzulo madzulo nyanja yalavula boti. M'katimo munali mwamuna mmodzi, wamoyo, koma sakuyankhula. Wavulala m'mutu, milomo yang'ambika ndi dzuwa. Amunyamula kupita naye ku kachipatala ka komweko. Yachiwiri, asodzi a usipa akuti aona boti la mitundumitundu likuyandama kumpoto, kupitirira kuno, patali ndithu. Ndiye a Simioni akufunsa kuti tilowere kuti, poti mafutawa sangakwane konse kuwiri.
07:23 Lusia: la ku lipende ndi la mtundu wanji
07:24 Oscar: lotuwa. lonse lotuwa ngati phulusa, lopanda dzina
07:24 Lusia: foto ya munthuyo?
07:25 Oscar: kulibe network kumeneko. wa njingayo sanamuone, wangomva
07:26 Lusia: 📞 foni yosayankhidwa
07:27 Lusia: alamu sakupezeka
07:29 Lusia: lotuwa si lathu oscar. asowa maboti anayi, ameneyo ndi wa eni ake
07:30 Oscar: ndingadzere kaye kukangosuzumira
07:30 Lusia: ndiye mafuta athe? amene uja ali pa bedi, akumwa madzi. wanga ali panyanja tsiku lachitatu
07:31 Lusia: pitani kumpoto. plz
07:31 Lusia: boti la ababa ndimalidziwa ngati chikhatho changa
07:33 Oscar: tá, chabwino. tanyamuka
11:05 Lusia: mwafika pati
13:40 Lusia: oscar
16:18 Lusia: oscar yankha
18:52 Oscar: talipeza prima
18:52 Oscar: si iye
18:54 Oscar: 🎤 0:26 Ndi lofiira ndi loyera, mitundu iwiri yokha, ndiponso ndi lalikulu. Linaduka chingwe pa dooko lina, munalibe munthu. Tigona konkuno, mafuta atithera. Mawa tifune wotikoka. Pepa msuweni, ndinali nditakonzeka kumukalipira.
19:10 Lusia: ok
19:31 Lusia: bashi anthu akuvutika chifukwa cha iwe. tulukira

LACHINAYI

08:14 Lusia: 🎤 0:12 Alamu, muli kuti? Mukangopeza network ndiimbireni. Kumpoto sanamupeze. Sitinataye mtima.
10:02 Lusia: ndabwerera kuntchito ku lodge. mzungu wa ku italy uja wanyamuka lero. wandigwira dzanja akuti boti lokongola chonchi silingasowe
10:03 Lusia: ine ndangothawira ku laundry
14:45 Oscar: tikukokedwa ndi boti la makala. tifika meponda madzulo
14:46 Oscar: aliyense amene ndakumana naye ndamuonetsa foto. onse akuti tricolor yotere sanaione
17:20 Lusia: bashi ndakugulira shuga ndi majani a sadaka. ndinagula lolemba m'mawa ndisanamve
17:21 Lusia: zili pansi pa bedi langa
17:21 Lusia: sindikudziwa chifukwa chake ndikukuuza

LACHISANU

09:37 Shakila: 📞 foni yosayankhidwa
09:37 Shakila: 📞 foni yosayankhidwa
09:38 Shakila: 📞 foni yosayankhidwa
09:40 Shakila: 🎤 1:21 Alamu! Alamu, yankhani! Ndabwera ku Makanjira pa msika kudzatchaja foni, ndiye chithunzi chija chatseguka. Alamu, chithunzichi ndi chakale. Tirikolo sali chonchi panopa. Mayo ine. Surprise ija ndi imeneyi. Anasintha matabwa awiri owola, anamata monse modontha, ndiye anapaka penti woyamba uja, wapansi, wotuwa. Amati aume bwinobwino sabata imodzi, kenako abwezeretse mitundu ya ababa yatsopano, yowala, kuti inu mukamatsika pa sadaka mulire ndi chimwemwe. Zitini zitatu zili kuseri kwa chitseko, sanazitsegule n'komwe. Anandiletsa kukuuzani, amati achemwali akamva kuti ndapaka wotuwa andidya wamoyo. Kwathu ku dooko aliyense akudziwa, onse akufuna lotuwa. Ine pakamwa ndimangoti Tirikolo, Tirikolo, poti ndilo dzina lake. Mutu wanga sunandiuze kuti inu simukudziwa. Alamu, boti ndi lotuwa.
09:58 Lusia: ndinali ku laundry foni inali mu locker
10:01 Lusia: ayi
10:01 Lusia: ayi ayi ayi
10:02 Lusia: OSCAR
10:02 Lusia: 📞 foni yosayankhidwa
10:02 Lusia: LIPENDE
10:03 Lusia: oscar lipende lipende pita pompano
10:09 Oscar: ndamva. ndikufuna njinga yamoto
10:10 Lusia: usadikire kalikonse
10:16 Oscar: ndakwera. msewu ndi woipa, network ithera pa mlatho
10:20 Shakila: 🎤 0:08 Alamu, Lipende ndi chiyani? Mwalemba zambiri, sindikutha kutsata. Amupeza?
10:27 Lusia: 🎤 0:44 Alamu, khalani pansi. Lachitatu kunamveka kuti ku Lipende, mbali ya ku Mozambique, kwatuluka boti lotuwa, muli munthu wamoyo koma wosayankhula. Ali pa chipatala. Oscar amafuna akamuone. Ine ndinamuletsa. Ndinati si wathu. Ndine ndinanena, alamu, ndi pakamwa pangapa. Koma amati ndi wamoyo, amati akumupatsa madzi. Oscar ali m'njira. Pempherani, lero ndi Ijuma, dua ya lero sibwerera.
10:31 Shakila: 🎤 0:10 Alhamdulillah, ndi wamoyo! Ndi iyeyo, mtima wanga ukundiuza. Ndikhala pompano pa msika, sindisuntha.
11:15 Lusia: bashi oscar akubwera. dikira pang'ono
11:15 Lusia: sindikukalipira za penti. paka olo wakuda
12:40 Lusia: oscar?
13:30 Lusia: oscar wafika?
14:12 Shakila: 🎤 0:04 Alamu, kuli zii?
14:13 Lusia: 🎤 0:05 Kulibe network kumeneko, alamu. Ndi network chabe.
15:26 Oscar: prima
15:26 Lusia: ndiuze
15:27 Oscar: ndakwera phiri kuti ndipeze network
15:27 Lusia: oscar ndiuze
15:31 Oscar: 🎤 1:48 Lusia, mlamu Shakila. Ndine Oscar. Ndafika mochedwa. Bashiru watisiya dzulo, dzuwa likulowa. Anthu a kuno anadikira usiku wonse ndi m'mawa wonse kuti mwina abale atulukira. Ataona kuti palibe, a shehe anati munthu sangakhale chonchi, ndipo pa chipumi pake anaona chizindikiro cha swala, anadziwa kuti ndi Msilamu. Amusambitsa, amuveka sanda, amuswalira atatuluka mu Ijuma. Ine ndafika anthu akubwerera ku manda, dothi likadali lonyowa. Nesi wandionetsa jekete lake, lija la zipi yoduka, ndi chipewa chimene unamutumizira iwe Lusia. Wandiuzanso za chipsera cha mbedza pa chala chachikulu. Ndi iyeyo. Sanatsegule pakamwa masiku onsewa, koma akuti maso ankatsegula. Munthu akalowa pa chitseko ankatembenuka kuyang'ana. Pali mayi wina, a Ndaona, amagulitsa mandasi pa chipatalapo. Ndi amene ankakhala naye, kumudonthezera madzi ndi sipuni. Akuti notisi yathu anaimva, mudzi wonse unaimva, koma onse ankati amene akufunidwayo ndi wa barco tricolor, uyu ndi wina. Pepani. Pepani ndithu.
15:40 Shakila: 🎤 0:19 Inna lillahi wa inna ilayhi rajiun. Bambo a Dinala ine. Bambo a Dinala.
15:58 Oscar: prima
16:20 Oscar: prima uli ndi munthu pafupi?
16:47 Lusia: ankayang'ana pa chitseko
16:48 Oscar: lusia
16:48 Lusia: lachitatu ndi lachinayi lonse. ankayang'ana pa chitseko
16:49 Lusia: iwe unati ungosuzumira
16:52 Oscar: nanenso foto ndinaimwaza ndi manja anga. nanenso ndinati tá. usasenze wekha
16:53 Lusia: boti waliona?
17:05 Oscar: ndatsika ku dooko ndabwereranso. alikokera pansi pa mtengo
17:06 Oscar: 📷 chithunzi
17:06 Oscar: ndapala pang'ono ndi kiyi wa njinga
17:07 Oscar: pamwamba chofiira. pakati choyera. pansi chachikasu
17:07 Oscar: zonse zilipo prima, zili pansi pake

LOWERUKA

06:50 Shakila: 🎤 0:47 Alamu, simunayankhe foni yanga dzulo. Ine sindikukuimbani mlandu. Loko uja ndinamusunga ndine, ngakhale pamene nyumba imapsa. Tikayamba kuwerengerana, tonse titha. Bwerani kuno, anthu asonkhana, akufunsa za inu. Dinala akufunsa ngati aunt abwere ndi ababa ake. Sindinamuyankhe, ndikudikira inu, pakamwa panga pokha sipakwana. A Abudu akuti akalitenga boti mwera ukagwa. Akufunsa kuti zitini zija atani nazo.
08:15 Oscar: ndagona kwa a shehe. andionetsa manda, ndaikapo mwala kuti tisadzasokere. mukadzabwera ndidzakuperekezani
08:16 Oscar: a ndaona akuti mlongo wakeyo adzafike, ali ndi mawu oti amuuze
09:30 Lusia: 🎤 0:23 Ndakwera galimoto alamu, ndili pa boma, tikudikira idzaze. Dinala timuuza tonse awiri. Zitinizo asazikhudze munthu. Boti likafika ndidzapaka ndekha.
09:34 Shakila: 🎤 0:05 Chabwino alamu. Burashi anagulanso, ili pamwamba pa zitini.
09:51 Lusia: bashi
09:52 Lusia: ndinati ukadzasintha mitundu chibale chatha. ndimacheza
09:52 Lusia: umadziwa kuti ndimacheza eti
10:40 Lusia: tadutsa pa mlatho
10:41 Lusia: surprise yako ndaiona